Sipuling'i Anaiwotcherera Ndani?

1

Chenjezo linaperekedwa masana, dzuwa likuswa mtengo, tonse tili maso. Tinalipo anthu anayi pabwalo: ine, mdzukulu wanga, mkazi wake, ndi mchimwene wa mkaziyo, amene ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo. Pakati pathu panali pikapu yoyera, yatsopano, mipando idakali m'mapulasitiki. Mdzukulu wanga anali atapeza ntchito yonyamula mazira kuchokera kufamu ya nkhuku kukapereka m'masitolo, ndipo galimoto imeneyi ndiyo inali khasu lake.

Mkazi wake ndi mphunzitsi. Ine ndinkamutcha mkazi mnzanga, poti mdzukuluyo kuyambira ali wamng'ono ndinkamuseka kuti ndi amuna anga. Iyeyu ndiye anatenga mapepala a galimoto n'kuyamba kutiwerengera.

"Mumve bwino pano," anatero chala chili papepala. "Akuti kwa zaka zitatu, chilichonse chimene chathyoka chokha akonza ulere. Imeneyo ndiye galanti. Koma akangogwirapo makaniko wina amene si wawo, ngakhale kumasula nati imodzi, galanti yafa."

Mchimwene wake anaseka. "Mukundinena ine, achemwali?"

"Ndikunena aliyense wa manja."

"Alamu," anatero mdzukulu wanga, "mukafika pano manja azikhala m'thumba. Kuyang'ana kokha n'kwaulere."

Ine ndinafunsa kuti, "Kodi pepala limagwira chitsulo? Chikathyoka muli pa liwiro, pepalalo lituluka m'kabati kudzakuwakhani?"

Anaseka onse atatu. Mdzukulu wanga anandigwira paphewa. "Akazi anga, inu mudzafa ndi mantha, osati matenda."

Ine sukulu sindinapondeko. Pano ndikungolankhula, wina akundilembera. Koma kuwerenga anthu ndimatha. Mwa anayi tinamva chenjezo lija, mmodzi sanalisunge.

2

Mantha anga ali ndi pochokera. Bambo ake a mdzukuluyu, mwana wanga mmodzi yekha wamwamuna, anafera m'lole. Anatuluka m'mawa atandiuza kuti ndimusungire chakudya, ndipo mbaleyo ndinaivundukula patapita masiku awiri. Mayi ake a mdzukuluyu sanakhalitse. Ndinamulera ndine, ndipo chiyambire pamenepo maso anga sapuma. Ndimaona waya wosenda, ndimamva fungo la gasi, ndimadziwa khosi la munthu amene wayamba kudwala iye mwini asanadziwe.

Galimoto ija inandisowetsa tulo. M'mawa uliwonse ndinkasesa moizungulira, n'kuwerama kuona ngati yadontheza kanthu. Tsiku lina ndinaona madzi pansi. Ndinalira mpaka mdzukulu wanga anasiya mazira n'kupita nayo kwa eni galanti. Anamuuza kuti ndi madzi a makina oziziritsa m'kati, galimoto iliyonse imatero. Ulendo wina ndinamva kaphokoso kumbuyo. Anapitanso. Inali sipanala imene anaiwala yekha m'bokosi. Kufamu anamukalipira kuti masitolo akhala tsiku lonse opanda mazira.

Atabwerako sanakhale pansi.

"Agogo," anatero, ndipo akayamba ndi agogo osati akazi anga ndimadziwa kuti zavuta. "Mwandiphetsa ntchito kawiri. Mukadzangotchulanso galimoto iyi, ndikukwezani basi mukakhale kwa azakhali. Sindikuseka."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga."

"Khutu langa latupa. Basi."

Mkazi mnzanga anandibweretsera tiyi kuchipinda. "Musadandaule, Agogo, watopa chabe. Mukaona china muzindiuza ine, ndizimufikira bwinobwino."

Ndinavomera ndi mutu. Koma mumtima ndinati mkazi ndi mwamuna ndi thumba limodzi, chimene walowetsa kumanja chimatulukira kumanzere. Kwa azakhali akewo ndiko kumene ndinachoka ndikulira, atandiuza kuti ndimawopseza ana. Kubwererako sindinkafuna.

3

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, amalume ake a mdzukulu wanga anamwalira kutali. Mdzukulu wanga anapita kumaliro pabasi. Galimoto anaisiya, akuti msewu wa kumeneko ndi woipa, poti ankaikonda kuposa miyendo yake. Makiyi anasiyira mkazi wake.

Anachoka Lolemba. Lachiwiri madzulo mlamu wake uja anabwera ndi kampando kachitsulo kamene anapangira mwana wa mdzukulu wangayo, wamkazi wa zaka zitatu. Anamwa madzi, anamunyamula mwanayo, n'kumapita. Galimoto sanaiyandikire. Ndikunena zimenezi chifukwa ndinali pakhonde, ndipo ndinaona.

Lachitatu mundilole ndilidumphe kaye. Ndingonena kuti mkazi mnzanga anapita kusukulu m'mawa ndi mwana monga mwa masiku onse, ndipo atabwerako anapeza magetsi atathima. Anaima pa mita kanthawi ndithu, akuyang'ana.

"Ndagula mayunitsi dzana lomweli," anatero. "Mwaphika nyemba pa magetsi, Agogo?"

"Mamita a masiku ano ndi akuba," ndinayankha.

Lachisanu mdzukulu wanga anabwera, anaizungulira galimoto yake, anaipukuta galasi, ndipo moyo unapitirira.

4

Panadutsa masabata atatu. Foni inalira ndikuchapa. Anali mkazi mnzanga, mawu ake ali phee ngati a munthu wina.

"Agogo, khalani pansi kaye. Ali moyo. Mwamva? Ali moyo."

Pikapu inali itadzaza mathileyi a mazira. Pokhota pena, kumbuyo kunamveka kuphulika, tayala lakumanzere linakhotera m'kati, galimoto n'kugudubuzika kukagwera m'ngalande. Anthu amene anamutulutsa ankaganiza kuti ubongo watayika, koma anali mazira. Dzanja lamanja linathyoka pawiri.

Atatuluka m'chipatala anati, "Musalire. Galanti ilipo. Chathyoka chokha ndi sipuling'i, ndipo ngozi yachokera pamenepo."

Tinapita atatu kugalaji ya eni galanti. Ine ndinakakamira kupita nawo. Galimoto inali pamwamba, atainyamula ndi makina. Mkulu wa amakaniko, bambo wa imvi wolankhula mofatsa, anatiitanira pansi pake ndi tochi. Anationetsa zitsulo zazitali zosanjikizana zimene zimanyamula katundu kumbuyo, n'kukanda ndi kampeni pamene chapamwamba chinaduka. Penti wakuda anasendeka. Pansi pake panali chipsera chotupa ngati cha munthu wopsa ndi moto.

"Apa panawotchereredwa," anatero. "Ndipo wina anapakapo penti kuti pasaoneke."

"Sizingatheke," anatero mdzukulu wanga. "Galimoto iyi sinagwiridwepo ndi munthu."

"Bambo, ine ndakalambira pansi pa magalimoto. Sipuling'i siiwotchereredwa. Ikalawa moto imauma, imasanduka bisiketi." Anazimitsa tochi. "Chondiwawa n'chakuti masipuling'i a magalimoto amene anabwera limodzi ndi iyi ena akhala akung'aluka okha. Tasintha angapo. Mukanabwera nayo ndi mng'alu wake, tikanakuikirani atsopano mbali zonse, masana n'kumapita. Koma apa manja anga ndi omangika. Galanti inafa tsiku limene moto unafika apa."

A inshulansi nawo ataona lipoti la bamboyo ananena zomwezo m'mawu awo. Pobwerera, mkazi mnzanga ankayang'ana pawindo. Kamodzi kokha anatembenuka n'kundiyang'ana ine.

5

Kufamu anapatsa ntchito munthu wina. Galimoto anaikoka n'kudzaikhazika pa njerwa pabwalo. Mdzukulu wanga ankakhala pakhonde tsiku lonse, dzanja lili m'chikhakha, akuwerengera masiku ngati wapolisi. Tsiku lachinayi anatiitana pabalaza.

"Galimoto iyi ndinasiyana nayo sabata imodzi yokha," anatero. "Makiyi anali ndi iwe. Ndipo m'banja muno wowotcherera zitsulo ndi mmodzi."

"Mukufuna kunena chiyani, bambo a mwana?"

"Achimwene ako anandipemphapo kawiri kuti akanyamulire mageti. Ndinakana. Ndangochoka, wawapatsa. Adzaza zitsulo, sipuling'i yang'aluka, awotcherera, apaka penti, nonse muli chete. Ndikanafa, ukanalira maliro anga ukudziwa."

"Makiyi sanachoke m'chikwama changa."

"Ndiye anawotcherera ndi angelo?"

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Agogo, inu ntchentche siidutsa pageti osaiona. Alamu anabwera pano ine kulibe?"

Owerenga inu, apa ndi pamene ndinagwera.

"Anabwera," ndinatero.

"Mwamva?" anatero mdzukulu wanga.

Sindinaname. Munthuyo anabweradi. Koma za kampando, za madzi, zoti galimoto sanaiyandikire, ndinazimeza. Mkazi mnzanga anandiyang'ana nthawi yaitali, akudikira mawu otsatira. Ine ndinayang'ana zala zanga.

"Mwamaliza, Agogo?" anafunsa.

"Ndamaliza."

Mlamu uja atamva anabwera yekha, analumbira, anapempha kuti apite limodzi kwa mkulu wa amakaniko akaone ngati ntchito yonyansa choncho ingakhale ya dzanja lake. Mdzukulu wanga anamutsekera geti. Mawu amene anauza mkazi wake masiku otsatirawo sindingawabwereze. Anamutcha wakuba, anamutcha mfiti, anafika pofunsa ngati mwanayo analidi wake, poti wonama pa chimodzi amanama pa zonse. Loweruka lina m'mawa mkazi mnzanga analongedza zovala ndi mabuku ake. Mwana anandipsompsona patsaya, akuganiza kuti akupita kokacheza.

6

Mkazi mnzanga anabwera patapita miyezi inayi, masana, atadziwa kuti mwamuna wake watuluka. Ankafuna khadi la kusikelo la mwana. Anali ataonda. Ndinamupatsa khadilo, ndipo ndinkaganiza kuti azipita, koma anakhala pampando wa kukhitchini.

"Agogo, ndikufunseni. Makina owotcherera amadya magetsi bwanji, mukudziwa?"

Sanadikire yankho langa.

"Ine ndakulira m'nyumba ya wowotcherera. Mayunitsi a mwezi wathunthu kutha tsiku limodzi, ndinadabwa. Kuseri kwa thanki ya madzi ndinapezako timitu ta ndodo zowotcherera. Ndinaganiza kuti mwakonzetsa geti ndipo mukuopa kunena. Ndinadzazindikira tili pansi pa galimoto kugalaji kuja."

Tsopano ndikuuzeni za Lachitatu lija.

M'mawa umenewo ndikusesa, tsache linakola pansi pa galimoto. Nditagwada kuti ndilikoke, ndinaona mng'alu pa chitsulo chapamwamba cha sipuling'i, wopyapyala ngati tsitsi, koma wofika pakati. Ulendo uno sanali madzi, sinali sipanala. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinaona mbale ija yovundikira. Ndikamuuza mdzukulu wanga, andikweza basi ndipo galimoto ayendabe nayo. Ndikauza mkazi wake, afikitsa kwa iye, zikhala zomwezo. Za pepala ndinazikumbuka bwino lomwe. Koma ndinati pepala ndi la anthu ophunzira, chitsulo chong'aluka chimafuna moto.

Kunja kunkadutsa mkulu wina woyenda ndi makina ake pa wilibala, amene amakuwa m'misewu kufuna mageti ndi mabedi othyoka. Ndinamuitana. Atasuzumira anapukusa mutu.

"Mayi, ichi sitiwotcherera. Chigwira lero, mawa chidzakutayani."

"Inu mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzalalikira?"

"Mwini wake akudziwa?"

"Mwini wake ndinamusintha matewera ndine."

Anakana kawiri. Kachitatu ndinamasula pansonga ya nsalu yanga, ndipo njala inamugonjetsa. Analumikiza makina ake kukhitchini. Penti ndinamuuza ndine kuti apake. Atachoka ndinasesa bwinobwino, ndipo tsiku limenelo ndinagona tulo tokoma, ndikuti ndapulumutsa mwana.

Zonsezi ndinamuuza mkazi mnzanga, ndikulira. Iye sanalire.

"Bwanji sunanene?" ndinamufunsa. "Unkadziwa."

"Ndikanati ndi agogo ako, akanandikhulupirira? Mkazi wakuba, wonamizira nkhalamba imene inamulera? Ndipo akanakhulupirira, inu mukanapita kuti?" Anaika khadi m'chikwama. "Ndinkadikira kuti munene nokha. Pabalaza paja ndinakupatsani mpata. Tsiku lolongedza ndinapinda zovala pang'onopang'ono, chimodzichimodzi, ndikumvetsera ngati chitseko chanu chitseguke."

"Ndimuuza lero. Ubwerere, mwana wanga."

"Muuzeni, achimwene ayeretsedwe. Koma za kubwerera musazitchule. Galimoto ndikanaiwala. Koma munthu amene anayang'ana mwana wake n'kufunsa kuti ndi wa yani, ameneyo sindingamuyalirenso bedi."

7

Mdzukulu wanga ndinamuuza madzulo omwewo, asanavule nsapato. Ndinayembekeza kuti aswa mbale, andikokera kubasi. Anangokhala, akusisita dzanja lake lopindika lija.

"Munaona mng'alu," anatero.

"Ndinaona."

"Ulendo umodzi wokha umene munaona zoona."

Anatuluka. M'mawa mwake anapita kwa mlamu wake, anagwada pakati pa zitsulo anthu akuona. Mlamuyo anamudzutsa, anamukhululukira. Kwa mkazi wake anapitako kasanu. Ulendo womaliza anabwera ndi pepala la kukhoti lonena masiku amene azikaona mwana.

Kwa azakhali sananditumize. Mwina zikanakhala bwino akanatero. Amagula chakudya, amandigulira mankhwala a miyendo, akadzuka amati mwadzuka bwanji, ndikayankha amatseka chitseko. Galimoto anagulitsa kwa ophwasula. Mwana amakamuonera kwa mlamu wake, kuno sabwera naye, ndipo ine sindinafunsepo chifukwa chake.

Inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga amene munalera ana a ana anu, ndilibe nzeru zambiri zokupatsani. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuchenjeza anthu, ndipo ndinkadandaula kuti sandimvera. Chenjezo limodzi lokha limene ena anandipatsa ine, ndinaliponda, chifukwa linachokera papepala ndi pakamwa pa mwana. Koma chimenecho si chimene chimandidya. Kuwotcherera ndinachita ndi mantha a chikondi, Mulungu akudziwa. Mawu amodzi aja a pabalaza ndinanena ndi mantha a ine ndekha, kuopa basi. Mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, wina asanasenze mtolo wanu. Madzi akatayika saoleka.

Pano mdzukulu wanga amayendetsa njinga yamoto ya munthu wina, kunyamula anthu. Dzanja lamanja lija siligwira bwino buleki, ndimaona mmene amalitambasulira akatsika. Chipewa chodzitetezera amachikoleka pachigongono. Masiku ena potuluka m'mawa mpweya wake umanunkha za dzulo. Tayala lakutsogolo latha, ulusi wayamba kuoneka. Zonsezi ndimaziona ndili pakhonde.

Dzulo akuliza njinga, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mwana wanga."

Anatembenuka, injini ikulira. "Mwati chiyani, Agogo?"

Ndinayang'ana tayala lija. Ndinayang'ana nkhope yake.

"Palibe," ndinatero. "Uyende bwino."